Kalata yopita ku Johannesburg: za mwana wathu wofuna kuphunzitsa masamu

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tonse tili bwino. Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumva, koma nkhani yake siyoyankha ndi mawu awiri, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe.

Mukuda nkhawa kuti mwana wathu wachisamba akufuna uphunzitsi wa masamu pomwe anthu kumeneko akuti makina alanda ntchito ya aphunzitsi. Ine monga mphunzitsi wa masamu ndikuti mulekeni apite, ndipo mumulimbikitse. Masukulu athu a sekondale, makamaka ma CDSS akumidzi, akusowa aphunzitsi a masamu kwambiri moti ena amaphunzitsa phunziroli asanalisulidwire, pongofuna kuti ana asakhale okha. Komanso mtsikana akaima kutsogolo n'kumasula samu ya Fomu 4 mosadodoma, atsikana a m'kalasimo amasiya kunena kuti masamu ndi a anyamata. Zimenezi ndaziona ndi maso anga.

Zoti makina afika, n'zoona. Kupulayimale kuli matabuleti okhala ndi pulogalamu ya bungwe la onebillion la ku Britain, yophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Mwana amavala zomvera kukhutu, amakhudza pagalasi, ndipo makinawo amamuuza nthawi yomweyo ngati wakhoza kapena walakwa. Mu 2013 a Nicola Pitchford a ku University of Nottingham anayesa njirayi pasukulu ya Biwi ku Lilongwe. Ana ankagwira tabuleti mphindi 30 patsiku kwa masabata 8, ndipo anapita patsogolo pa masamu kuposa anzawo amene sanaigwiritse ntchito. Kuchokera mu 2023 boma likufalitsa zimenezi kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, cholinga chake n'kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'masukulu a boma, ndipo matabuletiwo amatchajidwa ndi sola. Ine ndimakondwera nazo. Chiyambireni sukulu yaulere mu 1994, makalasi ang'onoang'ono adadzaza moti mphunzitsi mmodzi sangayang'ane kope la mwana aliyense. Tabuleti ili ndi chipiriro. Imabwereza kuphatikiza komweko kakhumi osakwiya.

Koma taonani pamene ntchito yeniyeni yagona. Mwana wa Fomu 1 walemba kuti 1/2 kuphatikiza 1/3 ndi 2/5. Makina anena kuti walakwa, mwinanso amuonetsa njira yolondola. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake amaona china: mwanayu sanalote yankholi, waphatikiza manambala apamwamba paokha ndi apansi paokha, chifukwa kwa zaka zambiri kuphatikiza kwakhala kukutanthauza zimenezo m'mutu mwake. Ndiye umamufunsa kuti, theka la mtanda wa nsima ndi 2/5 ya mtanda womwewo, chachikulu n'chiti? Akapeza kuti 2/5 ndi yochepa kuposa theka, amadabwa yekha kuti wawonjezera chinthu koma chachepa. Kudabwa kumeneko ndiye khomo. Ukaliphonya, mwanayo adzanyamula cholakwa chomwecho mpaka mu algebra, ndipo pa MSCE adzaphatikiza 1/x ndi 1/y mwanjira yomweyo. Kudziwa funso loti ufunse, nthawi yoti ukhale chete, ndi mwana amene akugwedeza mutu kuvomera chonsecho sanamve, izi amaziphunzira munthu ataima pamaso pa ana.

Sindikunyoza makina ayi, ndimawagwiritsa ntchito. Pali GeoGebra, pulogalamu yaulere ya masamu imene anayambitsa Markus Hohenwarter ku Austria, ndipo ukaitsitsa pafoni imagwira popanda intaneti. Kale pophunzitsa y = mx + c ndinkajambula mizere itatu kapena inayi pabolodi, belu n'kulira. Tsopano ndimasintha m ndi chala, mzere n'kumapendekeka ana akuona. Ndikasintha c umakwera kapena kutsika osasintha kapendekekedwe. Komabe ndisanasinthe ndimayamba ndawafunsa kuti, m akakhala nambala yochepera ziro, mzerewu ulowera kuti? Aliyense alembe maganizo ake m'kope. Popanda funso limenelo ana amangoonera ngati kanema, mawa lake osakumbuka kanthu. Ndipo tsiku limene magetsi azima kapena foni yatha moto, phunziro siliima. Choko, timitengo ndi zitsekerero za mabotolo, zipangizo zopezeka pafupi zija timati TALULAR, zimagwirabe ntchito.

Za njira yolowera: akhoze bwino masamu ndi Chingerezi pa MSCE. Akafuna kusekondale, pali Domasi College of Education ku Zomba, Nalikule College of Education ku Lilongwe, kapena digiri ya uphunzitsi ku University of Malawi ndi ku Mzuzu University. Akafuna ana ang'onoang'ono, pali ma TTC monga a Lilongwe, Kasungu ndi Machinga. Akadzayamba ntchito asamadzaphonye maphunziro a SMASSE, amene boma linayambitsa mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, pomwe aphunzitsi a masamu ndi sayansi amasulana okhaokha. Osamubisira kuti malipiro ndi ochepa ndipo akhoza kutumizidwa kutali ndi tauni. Asankhe akudziwa.

Laputopu mumugulire, koma isakhale yodula. Yogwiritsidwapo kale ntchito, yabatire lolimba, imukwanira kulembera ntchito za kukoleji ndi kukonzera mayeso. Ndalama yotsalayo ipite ku kakyuleta yasayansi, seti ya masamu yokhala ndi kampasi ndi pulotalakita, ndi mabuku a silabasi yathu ya kuno, chifukwa a kumeneko amatsata silabasi ina.

Pempho langa ndi ili: akamaliza mayeso mumuuze abwere adzakhale kwathu kuno. Adzikhala kumbuyo kwa kalasi yanga ya Fomu 2, kenako ndidzamupatse choko aphunzitse ana ochepa amene amatsalira masana. Amayi akunyumba akonza kale malo ogona. Mundiuze tsiku kuti ndikamuchingamire kudepoti.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wakalekale.