Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Zamaphunziro m'boma lathu: ana a Sitandade 1 akadali pansi pa mtengo

Bwana DEM,

Landirani moni wanga. Ndine wapampando wa komiti ya sukulu ina ya pulayimale m'boma lanu lino, ndipo ndinagwira choko zaka zambiri ndisanapume pa ntchito. Dzina la sukuluyo sindilitchula pano, chifukwa sindifuna kuti aphunzitsi aakulu azengedwe mlandu pa kalata imene sanalembe ndiwo. Inu mukulidziwa, popeza lili pamwamba pa makalata atatu amene komiti yathu inakutumizirani kudzera kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lathu. Kawiri konse ndinapalasa njinga kubwera ku ofesi kwanu. Ulendo woyamba anandiuza kuti muli kumsonkhano, wachiwiri anati ndisiye nambala ya foni mudzandiyimbira. Mvula yagwa n'kukata, yagwanso n'kukata, yankho osabwera. N'chifukwa chake ndalemba poyera, ngakhale kuti ndikadakonda tikadakambirana tili pansi awiriwiri.

Nkhani ndi ya ana a Sitandade 1. Ndiloleni ndikufotokozereni m'mene tsiku lawo limayendera, chifukwa mafomu amene amafika pa desiki panu amanena chiwerengero cha ana ndi cha zipinda, koma sanena zimene mwana wa zaka 6 amakumana nazo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka.

Chitsulo chikalira, ana onse amasesa pabwalo, amafola pa asembule, amapemphera ndi kuyimba nyimbo ya fuko. Akamwazikana, akuluakulu amalowa m'zipinda, pomwe ang'onoang'ono amatsetserekera ku mtengo wa mango umene uli m'mbali mwa msewu. Anyamata awiri a Sitandade 5 amawanyamulira bolodi n'kukayitsamiritsa ku tsinde. Wina amakhala pa njerwa, wina pa chiguduli cha thumba la feteleza, ambiri amangokhala padothi. Mu rejisitala ya mayi amene amawaphunzitsa muli mayina oposa 150, ndipo mayiwo ali okha. Phunziro limodzi m'kalasi imeneyi ndi mphindi 30, choncho akati aitane mayina onse mmodzimmodzi, phunziro loyamba latha asanalembe kanthu pa bolodi. Masiku ambiri amangowerenga mitu, anyamata mbali iyi, atsikana mbali iyo, ndipo mwana amene wajomba sabata yathunthu amadziwika mochedwa.

Kenaka imafika nthawi ya Chichewa. Inu mukudziwa bwino kuti kaphunzitsidwe ka masiku ano kamayambira pa liwu la lembo: mphunzitsi amatchula yekha, kenaka amatchula limodzi ndi ana, pomaliza ana amatchula okha. Njira imeneyi ndi yabwino, ndaiona ikugwira ntchito, koma imadalira kuti mwana aone milomo ya mphunzitsi ndi kumva liwulo bwinobwino. Mayiwo akatseka milomo kuti atulutse liwu la lembo la m, amene amaona ndi a mizere itatu kapena inayi yakutsogolo. Akumbuyo amamva mphepo, njinga zamoto za kabaza ndi mbuzi. Amatsegula pakamwa kutsatira anzawo, phokoso limamveka lalikulu ngati kuti onse adziwa, koma mukamuitana mmodzi payekha n'kumuloza lembo, amangoyang'ana pansi. Dzuwa likakwera mthunzi umasuntha, kalasi yonse imanyamuka kuutsatira, bolodi imasunthidwanso, ndipo kuti ana ochuluka chotero akhazikikenso pamatha mphindi zina. M'mwezi wa Okutobala, ikamakwana 10 koloko, theka la kalasi limakhala likuwodzera.

Koma chimene chandikhazika pansi kulemba kalatayi ndi mvula. Tsiku lina mu Januwale ndinapita kusukulu kukaona amayi amene amaphika phala, ndipo ndinaima pang'ono pa mtengo paja. Ana anali atafika pa gawo limene mphunzitsi aliyense wa kalasi yoyamba amalilakalaka, pamene malembo oyambirira aja tinazolowera kuwatcha anikumeto (a, n, i, k, u, m, e, t, o) ayamba kugwirana n'kusanduka maphatikizo ndi mawu. Pa bolodi panali ma, me, mi, mo, mu, ndipo pansi pake panali mawu oti amama. Kamnyamata kena kanali katangowerenga mawuwo kokha, anzake akukawombera m'manja. Mitambo inali itada kale kum'mawa. Madontho oyamba atagwa, choko chinayamba kuchucha pa bolodi, malembo aja n'kusanduka mizere yoyera yotsikira pansi. Mayiwo anayamba ndi kulonga mabuku m'thumba, popeza buku likanyowa palibe lina, uku akufuula kuti ana athamangire pakhonde la Sitandade 7 ndi 8. Khonde limenelo silingakwane ana oposa 150. Anapanikizana, aang'ono kwambiri anagwetsedwa, ena analira, amene anali kumphepete ananyowa mpaka mkati ndi madzi otsika padenga. M'kati mwa zipindamo aphunzitsi analeka kuphunzitsa chifukwa cha phokoso. Mvula itangopusa pang'ono, aphunzitsi aakulu anawawerutsa ana onse a makalasi aang'ono kuti awoloke mtsinje usanadzaze, ndipo anachita bwino. Nthawi inali isanakwane 9 koloko.

Mdzukulu wanga ali m'kalasi imeneyo. Kope lake amaliyika m'pepala la shuga ngati m'mene amachitira anzake, koma tsiku limenelo madzi analowa ndithu, masamba n'kumatirirana. Madzulo, tikuliyanika pafupi ndi moto, anandifunsa kuti, "Agogo, kodi mawa kuli sukulu kapena kuli mvula?" Ndinasowa chomuyankha, Bwana. Mwana ameneyu waphunzira kale kuti sukulu imatengera mitambo, ndipo m'mawa kukacha kwa mitambo safunanso kusamba. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, mvula imayamba kumapeto kwa teremu yoyamba n'kutenga pafupifupi teremu yonse yachiwiri. Miyezi imene mwana amayenera kuchoka pa malembo kupita pa kuwerenga mawu ndi ziganizo ndi yomweyo imene iye amakhala pakhonde kapena panjira yobwerera kunyumba. Chaka chikatha timalemba kuti walephera, abwereze. Akabwereza amakapezana ndi ana atsopano pansi pa mtengo womwewo, kalasi n'kukulirakulira, ndipo akabwereza kawiri makolo amati mwanayu alibe mutu wa sukulu, bola azikaweta mbuzi.

Pano ndiyenera kuvomera kulakwa kwanga komwe. Pamene ndinali pa ntchito, ngakhale pamene ndinalowa m'komiti, sindinaonepo chachilendo kuti zipinda zimayamba kupatsidwa kwa a Sitandade 8, kenaka 7, kenaka 6, otsala n'kupita kumitengo. Tonse tinakulira m'menemo. Chifukwa chake sichobisika: sukulu imatchuka kapena kunyozeka ndi zotsatira za mayeso a MANEB, ndipo funso loyamba limene aphunzitsi aakulu amafunsidwa, kaya ndi makolo kaya ndi akuluakulu a maphunziro, ndi loti ana angati asankhidwa kupita ku sekondale. Palibe amene amafunsa kuti ndi ana angati a Sitandade 1 amene atha chaka akudziwa kuwerenga dzina lawo. Mphunzitsi waluso amakwezedwa kupita ku makalasi a mayeso, ndipo kalasi yoyamba imaonedwa ngati ya kuyimba nyimbo ndi kuwomba m'manja basi. Sindikunena kuti a Sitandade 8 atulutsidwe panja. Ndikunena kuti chipinda chawo chili ndi malo okwanira chifukwa ambiri mwa anzawo amene anayamba nawo anatayika kalekale, ndipo anatayikira pansi pa mtengo paja. Mwana wa zaka 14 angathe kupirira mphepo n'kumvabe phunziro. Wa zaka 6 amafunika khoma loti pakhomedwe malembo ndi zithunzi zoti aziziona tsiku ndi tsiku, amafunika pangodya posungira timitengo ndi zitsekerero za mabotolo zimene amawerengera masamu. Kwathu kuno mayi aja amajambula matchati usiku ndi ndalama za m'thumba mwawo, m'mawa n'kuwapachika pa chingwe pakati pa nthambi ziwiri, masana n'kuwachotsa, ndipo satha sabata ziwiri asanang'ambike.

Zina ndingozitchula mwachidule. Buku limodzi la Chichewa amagwirizira ana anayi kapena asanu, ndipo amene ali kumapeto amaliona chozondoka. Zimbudzi zathu zinakumbidwira anthu akuluakulu, mabowo ake ana aang'ono amawaopa, choncho amapita kuseri kwa tchire kapena kudziwonongera, ndipo mwana amene wasekedwa kamodzi pa chifukwa chimenechi amatha masiku osabwera. Mjigo ukawonongeka palibe posamba m'manja asanamwe phala. Ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, zimafika mochedwa, ndipo zikafika zimathera choko, marejisitala ndi kukonza zitseko. M'midzi yathu ina mulibe sukulu za mkombaphala, motero ana osakwana zaka amatsatira akulu awo chifukwa cha phala, n'kudzakhala nawo pa mtengo pomwepo. Phalalo sindilinyoza ngakhale pang'ono, ndi limene limadzutsa ana ambiri m'miyezi ya njala, ndipo amayi amene amalawirira m'bandakucha kudzakoleza moto salandira kanthu. Koma kudzaza makapu oposa 150 kumatenganso phunziro lina lathunthu.

Ndikudziwa kuti mavutowa simunawayambitse ndinu, ndiponso kuti si sukulu yathu yokha imene ikulira m'boma lino. Ndinali m'kalasi mu 1994 pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Tinasangalala, ndipo tinauzidwa kuti mitengo ndi yongoyembekezera. Ana amene ndinawaphunzitsa pansi pa mtengo chaka chimenecho ndi amene lero akuperekeza ana awo ku mtengo womwewo. Lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale mokakamizidwa, ndipo mafumu athu analimvera, amalipiritsa kholo limene lasunga mwana pakhomo. Mu 2016 inabwera ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, aphunzitsi anapita ku maphunziro ku TDC, malo osulira aphunzitsi a m'dera, mabuku atsopano anafika. Boma lenilenilo limanena kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana osapitirira 60. Zonsezi n'zabwino, ndipo pa msonkhano uliwonse wa maphunziro timamva kuti m'mera mpoyamba. Nanga bwanji mmerawo ndi umene taufesa poti madzi amakokolola?

Ife makolo mbali yathu tinachita. Tinauzidwa kuti tikaumba njerwa, zotsalazo zidzachokera kwa inu. Midzi yonse yozungulira sukulu inagawana masiku, amayi anatunga madzi, abambo anaponda dothi, tinawotcha mauvuni awiri. Titamaliza tinamva kuti kuyambira mu 2018 nyumba za boma sizimangidwanso ndi njerwa zowotcha, pofuna kuteteza mitengo, koma ndi mabuloko a simenti. Lamulolo sindikulitsutsa, mapiri athu ayera tikuona. Chimene chinatiwawa n'choti palibe amene anabwera kudzatiuza tisanayambe, ndipo palibe amene wabwera kudzatiuza chochita m'malo mwake. Tinatuta mchenga ndi miyala, ponena kuti mwina zimenezo n'zimene zifunike. Mchengawo mvula yaukokolola, pa mauvuni paja pamera udzu, ndipo njerwa zake ndi zija ana amakhalira pa mtengo. Lero ndikaitana msonkhano wa makolo kuti tigwire ntchito ya chitukuko, amandifunsa kuti za njerwa zija zinatha bwanji, ine n'kungoweramitsa mutu. Timamva kuti pansi pa ndondomeko ya boma yotukula maphunziro yotchedwa MERP zipinda zikumangidwa m'sukulu zina ndipo aphunzitsi othandizira akulembedwa. Sitichitira nsanje anzathuwo. Timangofuna kudziwa muyeso umene umagwiritsidwa ntchito posankha, ndi pamene ife tili pa mndandandawo.

Tsono pempho la komiti yathu ndi ili. Sukulu yathu ipatsidwe mdadada umodzi wa zipinda ziwiri, ndipo zilembedwe poyera kuti zipindazo ndi za Sitandade 1 ndi 2, kuti zikadzatha zisadzalandidwenso ndi makalasi a mayeso. Titumizireni mphunzitsi wina mmodzi wa kalasi yoyamba kuti anawa agawidwe pawiri. Nyumba yake tamupezera kale m'mudzi, a mfumu avomera. Podikira zimenezo pali chinthu chimene sichifuna ndalama, chimangofuna siginecha yanu: lolani mwa kalata kuti m'miyezi ya mvula ana aang'ono azilowa m'zipinda m'mawa, makalasi awiri akuluakulu n'kumayamba mochedwerapo ang'onowo akaweruka. Aphunzitsi aakulu akuopa kuchita zimenezi paokha popanda chilolezo chanu, ndipo sindiwada. Ngati khonsolo ilibe ndalama za mdadada chaka chino, tiuzeni choncho mwa kalata, mutiuzenso ngati tikagogode kwa a khansala ndi a phungu pa thumba la CDF, ndi zimene makolo angasonkhe zimene lamulo likulola, kuti tisatayenso thukuta pachabe.

Pomaliza, bwerani mudzaone nokha. Musatumize uthenga kuti mukubwera, chifukwa mukatero ana adzalowetsedwa m'chipinda cha Sitandade 6 tsiku limenelo ndipo mudzapeza pabwalo posesedwa bwino. Bwerani m'mawa wa tsiku la mitambo, galimoto muisiye pamsewu, mudzakhale kumbuyo kwenikweni kwa kalasi ija, pamzere womaliza, n'kuyesa kumva liwu limene mayi aja akutchula. Komiti yathu idzakumana Loweruka lomaliza la mwezi uno, ndipo makolo andipempha kuti ndidzawawerengere yankho lanu.

Ine wanu,
Wapampando wa komiti ya sukulu, mphunzitsi wopuma pa ntchito