Kalata kwa mwana wanga, mphunzitsi wa Mbiri

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe kumeneko. Amayi ako akupereka moni. Pafoni paja unati ukufuna kutumiza ana a Fomu 3 ku laibulale kuti akafufuze za John Chilembwe. Ndati ndikulembere, poti pafoni mayunitsi amatha nkhani ili pakati.

Usawauze kuti "kalembeni za Chilembwe" basi. Ukatero onse adzakubweretsera ndime yofanana: anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, anabwerako mu 1900, anatsegula mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Zonsezo n'zoona, koma mwana wangokopera, mutu sunagwire ntchito. Apatse funso loti avutike nalo. N'chifukwa chiyani usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe, poukira atsamunda, analunjika ku Magomero, kwa William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce? Gulu lina lifufuze za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce, lina za msonkho wa nyumba, lina za nkhondo ya 1914 imene inaphetsa asilikali akuda ku Karonga.

Iwe uyambe wapitako wekha, ucheze ndi woyang'anira laibulale, uone mabuku amene alipodi. Kutuma ana makumi asanu kukalimbirana mabuku atatu n'kuwaphunzitsa ndewu. Ngati ndi ochepa, asabwerekedwe, magulu azisinthana masiku. Uwaonetse kuti mabuku a mbiri amakhala pa nambala 900, a Africa pa 960, ndipo a dziko lathu pa 968.97. Uwaphunzitsenso kuyamba ndi zamkatimu ndi index ya kumapeto, m'malo mowerenga buku kuchokera tsamba loyamba. M'mabuku akale asafunefune dzina loti Malawi, chifukwa dzikoli linkatchedwa Nyasaland mpaka 1964.

Koma chimene ndakulemberadi ndi ichi. Mwana akatsegula buku azifunsa kuti analemba ndani, liti, ndipo ankalembera yani. Lipoti la komiti imene boma la atsamunda linakhazikitsa kuti ifufuze za kuukirako linatuluka mu 1916. Muli zambiri zothandiza, ngakhale nkhanza za ku Magomero zinatchulidwamo, koma olemba ake anali a mbali imene inapambana, ndipo Chilembwe anali ataphedwa kale pa 3 Febuluwale 1915, sakanatha kudziyankhira. Mawu ake enieni tili nawo m'kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Ndiye pali buku la George Shepperson ndi Thomas Price la mu 1958, lolembedwa patapita zaka zoposa makumi anayi. Ukapeza timagawo ta zolemba zitatuzi, uziike patebulo limodzi, ana aone okha pamene zikugwirizana ndi pamene zikusiyana. Pamenepo usafulumire kuwauza amene akunena zoona. Ndikukudziwa iwe, sumatha kupirira mwana akakhala chete, umangomuyankhira. Dzigwire, asiye atsutsane.

Za mafoni usalimbane nazo kwambiri, adzayang'ana pa intaneti ngakhale uwaletse. Lamulo likhale loti chilichonse chimene apeza kumeneko achitsimikize m'buku. Uona, ena adzalemba kuti kuukira kunachitika pa 15 Januwale chifukwa ndi tsiku la tchuthi chokumbukira Chilembwe. Usawakalipire, ungowatuma akapeze tsamba lonena zimenezo.

Aliyense akhale ndi kope lolembamo dzina la wolemba, mutu wa buku, chaka ndi tsamba, asanalembe mfundo ina iliyonse. Akawerenga atseke buku, kenako alembe m'mawu awoawo. Makopewo uziwaona sabata iliyonse ndi kupereka malikisi, osadikira tsiku lomaliza.

Amene ali ndi agogo odziwa nkhani za thangata akawafunse, koma alembe kuti agogowo anamva kwa yani, poti amene anaona ndi maso za 1915 anatha kale. Ahedi akalola ndipo ndalama ya minibasi ikapezeka, lembera kalata ku National Archives ku Zomba, ana akaone mmene mafayilo a nthawi ya atsamunda amasungidwira.

Udzandiuze mafunso amene wasankha usanawapatse anawo. Amayi ako akuti ukamabwera pa holide udzatenge chigubu chawo chija.

Ndine,
Bambo ako