Za mabuleki a Hilux yathu ija

Aise,

Ndikhulupilira uli bwino ku Joni'ko. Kuno ku Nchalo dzuwa ndi lomwe lija, nkhuku zikuyenda kukamwa yasa. Unafunsa za Hilux yakale ija, ilipo koma inatsala pang'ono kunditaya pa Thabwa.

Ndimatsika kuchokera ku Blantyre nditasenza simenti, kuponda buleki pedo ili gwa bwinobwino koma galimoto osagwira, kutsogolo kokha ndi komwe kumamira, pofika pa mlatho wa Kamuzu matayala akutsogolo akununkha chipsereza. Ndinatsika phiri lonse lija pa giya 2 ndikupemphera.

Kunyumba tinaikweza pa jeke, mwana waponda pedo, ine kuzunguza tayala lakumbuyo ndi dzanja limodzi, likungozungulira ngati palibe chachitika. Makaniko wina osagwada n'komwe kuti asuzumire pansi, akuti ndi masita silinda basi, kapampu kamene kamakankha mafuta a mabuleki ukaponda pedo. Ndinagula kiti, tinasintha, palibe. Ma shoe (tizitsulo togwira tayala lakumbuyo) ali bwino, ma silinda am'matayala osadontha, kubulida mpweya mpaka botolo lonse la mafuta a mabuleki a DOT 3 kutha, kumbuyo mafuta amangotuluka madontho.

Tsiku lachitatu ndinakwiya ndikulowa ndekha pansi ndi sipanala, kutsatira paipi kuyambira kutsogolo, kumasula pang'ono polumikizira paliponse mwana akuponda. Pa masita mafuta akuthamanga, pakati akuthamanga, kufika pa kavaluvu kena kali pa chasisi pafupi ndi difu, mafuta akulowa ndi mphamvu koma kutuluka ayi. Kavaluvu kameneka kali ndi kachitsulo kotalika kopita ku difu, ntchito yake ndi kumva kulemera kwa katundu, galimoto ikatitimira kamatsegula mafuta ambiri apite kumbuyo, ikakhala yopanda kanthu kamachepetsa kuti matayala asamange.

Ndiye ukukumbuka ndinaonjezera masipuling'i kumbuyo kuti ndizisenza matumba a thonje ku Ngabu? Bodi inakwera, kachitsulo sitinakasinthe, kavaluvu kumaona ngati galimoto ilibe katundu tsiku lililonse. Kuonjezera apo matope a Freddy wa 2023 analowa mu rabala yake, mkati dzimbiri lokhalokha. Kalinso ndi kanipo kakekake kobulidira, ife timangokadumpha.

Makaniko uja akuti tingokachotsa tilumikize paipi mwachindunji, ambiri a matola amatero. Ine ndakana aise. Nanga pobwerera ndilibe katundu, mvula itawaza pa makona a Thabwa aja, kumbuyo kukamanga si ndipezeka ndayang'ana komwe ndachokera? Ndakatsuka, ndasintha kachitsulo kaja, pano tayala likugwira ndithu koma sindikukakhulupilira, ndikungoyenda za Nchalo ndi Dyeratu.

Ndiye undiyang'anire kumeneko, amakatchula load sensing valve, ngakhale kakale bola kosadya dzimbiri. Chithunzi ndi nambala ya chasisi ndikutumizira pa WhatsApp madzulo ano magetsi akayaka. Ndalama ya kiti ija inapita ulele, mlamu wako mpaka lero akundiwerengera.

Ndine mnzako wa ku Nchalo