Lipoti la Msonkhano wa Kuwala ndi Ma Stem Cell

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la aphunzitsi a sayansi ya zamoyo kuno ku Zomba, ndabwerako ku msonkhano wa masiku atatu umene munanditumako ku Cape Town, wokambirana za kulamulira ma stem cell pogwiritsa ntchito kuwala. Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi nkhani za malamulo a kafukufuku.

Chimene chinandigwira mtima chinachitika tsiku lachiwiri, pamene anatilowetsa mu labotale yoyaka nyali zofiira zokhazokha, poopa kuti nyali wamba ingadzutse maselo nthawi isanakwane. Mukudziwa kuti stem cell, selo limene silinakhale ndi ntchito yakeyake, imasanduka selo la mtundu wakutiwakuti malinga ndi uthenga umene yalandira, monga wa mapuloteni a Wnt kapena FGF, ndipo mwa nthawi zonse uthengawo umathiridwa m'madzi odyetsera maselo, momwe umafalikira mbale yonse nthawi imodzi. Anzathu a mu labotaleyo amatenga puloteni ya Cry2 yochokera ku kachitsamba ka Arabidopsis, imene imaunjikana ikawombedwa ndi kuwala kwa buluu, nailumikiza ku LRP6, puloteni yolandira uthenga wa Wnt pa selo, kotero kuti uthenga wa Wnt umayamba nyali ikayaka, nuzirala ikazima. Ndinadzionera ndekha mbale imene theka lake analiphimba ndi pepala lakuda: mbali yowalidwayo maselo anali atayamba kusanduka mesoderm, gulu la maselo limene limadzapanga minofu, mafupa ndi magazi, pamene mbali inayo anali chikhalire. Luso limeneli ndi optogenetics, ndipo linatchuka mu 2005 pamene akatswiri a ku Stanford anadzutsa maselo a ubongo pogwiritsa ntchito puloteni ya ndere.

Msonkhano unagwirizana kuti malabotale ang'onoang'ono azilandira maselo osinthidwa kale. Ine sindinakhutire nazo, chifukwa fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo ophunzira athu sadzadziwa kusintha maselo ngati tingozolowera kulandira.

Ndikudziwa kuti ena mudzati izi si za msinkhu wathu. Komatu bokosi lowalitsira maselo limene amagwiritsa ntchito ndi timababu ta LED ndi kabolodi kowerenga nthawi, zinthu zimene amisiri a mawailesi a mumsika wa Zomba angathe kulumikiza, pamene mapuloteni othira m'madzi amabwera pa ndege ali mu ayezi, ndipo ena monga FGF2 sachedwa kuonongeka pa kutentha kwa madigiri 37 kumene maselo amafuna. Chotilepheretsa si nyali ayi, koma incubator yathu, chipangizo chosungira maselo pa kutentha koyenera, imene inafa dzinja lathali chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, ndipo mabatire a sola amene komiti yathu inavomereza kawiri konse sanagulidwe mpaka lero. Alawansi yanganso inafika nditabwerako kale, moti ndinayendera ngongole; malisiti onse ndapereka kwa a msungichuma.

Tsiku lachitatu linali la otsatsa malonda a zipangizo. Ndikupempha kuti nkhani ya incubator ikhale yoyamba pa mkumano wa mwezi wamawa, tisanakambe zoitanitsa selo ngakhale limodzi.