Kalata kwa mayi a Tadala ku Cape Town

Zomba

Wokondedwa mayi a Tadala,

Uthenga wanu ndinaumvera Lachitatu usiku, kenaka ndinaumveranso, tulo osabwera. Mukuti eni nyumba ija ya ku Bellville akukanani chifukwa dzina lanu lada ku credit bureau, kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu, ati pali chigamulo cha khoti pa ngongole ya opaleshoni ya Tadala. Chimene chinandipweteka ndi mmene mumayankhulira, motsitsa mawu ngati mwagwidwa mukuba. Achemwali, mwana anadwala, inu munathamanga naye. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Mukukumbukira tili ku Rosettenville, ku Johannesburg, mu 2019, bambo a kwathu atagonekedwa? Medical aid, inshuwalansi yathu ya matenda, inalipira chipatala, ife nʼkumati zatha. Osadziwa kuti dokotala wogonetsa tulo uja amatumiza bilu yakeyake. Makalata ankapita kunyumba imene tinali titasamukako, samani nayo inakasiyidwa komweko, mlandu nʼkugamulidwa ife kulibe. Ndinadzazidziwira mʼsitolo, pofuna foni ya kontirakiti, mtsikana wa pakauntala atandiyangʼana mwachisoni. Nʼchifukwa chake ndikulemba motalika chonchi.

Anthu ena akuuzani kuti mungodikira, pakatha zaka 5 zichoka zokha. Zoona, pa lipoti la bureau chigamulo chimakhala zaka 5. Koma kukhoti sichifa. Malamulo a ku South Africa amachisunga chamoyo zaka 30, chiwongoladzanja chikukwera, ndipo tsiku lina masherifu akhoza kudzalemba katundu wanu, kapena khoti nʼkulamula kuti azikudulani pamalipiro. Ndiye musangofuna kuti dzina liyere pa kompyuta. Thanani ndi chigamulocho.

Yambani ndi kuona ndi maso anu chimene chalembedwa. Lamulo limakupatsani lipoti laulere kamodzi pachaka ku bureau iliyonse, ndiye funsani ku TransUnion, ku Experian ndi ku XDS, chifukwa zimene asunga sizifanana nthawi zonse. Mupezamo nambala ya mlandu, dzina la khoti ndi la amene anakusumirani. Mupite ndi nambalayo kwa kalaliki wa khoti la majisitireti limenelo, mupemphe fayilo. Mʼfayilomo muli kapepala ka sherifu konena kumene anasiya samani ndi tsiku lake. Kapepala kameneko muchite kukawerenga pangʼonopangʼono, mukajambulenso.

Ngati samani inapita kumene simunkakhalako, kapena ndalamazo medical aid inalipira kale, kapena zachuluka kuposa zenizeni, mukhoza kupempha khoti kuti lifafanize chigamulo. Maloya amati rescission. Apa mpamene ndikukupemphani kuti musazengereze, chifukwa mumapatsidwa masiku 20 a khoti kuyambira tsiku limene mwadziwa za chigamulocho. Akapitirira muyenera kufotokozanso chimene chinakuchedwetsani, ndipo ntchito imakula. Mumalemba chikalata cholumbira chonena chifukwa chimene simunabwerere kudzayankha mlandu, komanso yankho limene mukanapereka. Kungoti "sindinadziwe" sikukwanira, majisitireti amafuna kumva mbali yanu pa ngongoleyo.

Muonenso masiku. Ngongole wamba ngati ya dokotala imatha mphamvu pakadutsa zaka 3 ngati samani sinakufikeni ndipo inu simunaivomere. Tadala anadwala liti, samani inatuluka liti? Nʼchifukwa chake ndikuti otolera ngongole akaimba foni, musafulumire kunena kuti "chabwino, ndiyamba ndi R100". Kandalama kameneko nʼkuvomera, ndipo zaka zija zimayambanso kuwerengedwa. Muyambe mwaona fayilo.

Ife ngongole yathu inali yoona, dokotala anagwiradi ntchito yake. Ndinapita kwa maloya awo, ndinapempha kuti andilembere zonse, ngongole, chiwongoladzanja ndi ndalama za khoti, ndipo tinagwirizana zolipira mwezi ndi mwezi. Zinatitengera miyezi 8, ndiwo zikuchepa pakhomo. Nditamaliza sindinachoke pa ofesi ija opanda paid-up letter, kalata yotsimikiza kuti ndalipira zonse, mʼmanja. Kalata imeneyo muisunge ngati pasipoti. Kuyambira mu 2015 lamulo la ngongole limati mukamaliza kulipira, amene munamukongola adziwitse ma bureau pasanathe masiku 7, iwonso achotse chigamulocho pasanathe masiku 7. Kwa ife anaiwala, kapena analibe nazo ntchito. Ndinatumiza ndekha kalatayo ku bureau iliyonse, ndinatenga nambala ya dandaulo, ndipo iwo ali ndi masiku 20 ogwira ntchito kuti afufuze. Akapanda kukonza, mukadandaule ku National Financial Ombud Scheme, kumene ofesi yakale ya Credit Ombud inalowa mu 2024. Salipiritsa.

Chinanso, kuyambira mu August 2018, munthu amene walipira zonse akhoza kupempha khoti kuti lifafanize chigamulo ngakhale wosumira uja asavomere. Ine ndinachita zimenezo kuti mʼmabuku a khoti namonso musatsale kanthu.

Za aja amamata mapepala mʼmasiteshoni a taxi ndi pa Facebook, akuti amayeretsa dzina mʼmasiku awiri, chonde musawapatse ngakhale senti. Chigamulo chimachoka chifukwa khoti lachifafaniza, ngongole yalipidwa, kapena nthawi yake yakwana. Amene akulonjeza njira ina akungofuna ndalama yanu ndi nambala ya chiphaso chanu. Ngati za loya zikuvuta, pitani ku Legal Aid South Africa, kapena ku law clinic ya University of the Western Cape, ofesi yothandiza anthu pa za malamulo, ili pafupi nanu ku Bellville komweko. Mutenge fayilo ya khoti, mabilu onse, makalata a medical aid ndi umboni wa kumene munkakhala chaka chimenecho, ngakhale pangano lakale la lendi.

Eni nyumba aja muwauze zoona, kuti ndi ngongole ya mwana wodwala ndipo mukuikonza. Ena amamva.

Kuno mvula yayamba bwino, tadzala kale kumunda wa kumtunda uja. Mayi anu ndinawaona kutchalitchi, ali bwino, ndipo za nkhaniyi sindinawauze, muwauza nokha mukafuna. Mukatenga fayilo ija munditumizire zithunzi pa WhatsApp tiwerengere limodzi. Mumupatsire moni Tadala, ndipo mundiuze ngati bala lija linapoleratu.

Ndine mnzanu,
Nachisale