Tiuzeni chifukwa chake musanatipatse mapiritsi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi madokotala, anamwino ndi ogulitsa mankhwala kudzera m'nyuzipepala yanu. Nkhani ndi ya mlongo wanga, amene amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika kuno ku Ntcheu. Dzina sinditchula, ana ake ali pasukulu ndipo pakamwa pa anthu mukupadziwa.

Alamu anga atamwalira, tonse tinkati ndi chisoni, chitha. Chaka chinatha, chiliza tinamanga, iye osasintha. Ankagona mpaka dzuwa kufika paliwombo, osasamba, nsima kungoitsina kawiri basi. Tomato ankaolera m'dengu. Kuchipatala anati ndi matenda a maganizo, aja amati depression, n'kumupatsa fluoxetine wa 20mg m'mawa uliwonse. Anatiuza kuti mankhwalawa amachedwa, tidikire milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Tinadikira. Anakweza kufika 40mg. Anapepukidwako, koma kumsika sanabwerere.

Titapita kuchipatala china chachikulu m'tauni, dokotala anawonjezera kapiritsi kena, risperidone wa 1mg, womwa usiku. Mzere unali wautali mpaka pakhonde. Analemba m'kabuku, n'kuti tibwerenso mwezi wamawa. Mawu anathera pomwepo.

Madzulo ake msuweni wathu analemba dzina la kapiritsi kaja pafoni, ndipo chimene chinatuluka ndi schizophrenia, matenda a misala. Kapepala ka m'bokosi, ka Chingerezi chokhachokha, tizilembo ngati nyerere, sikanatchule matenda a mlongo wanga pena paliponse. Mayi anagwira mutu: "Mwana wanga wapenga, akungotibisira. Akutha naye ulendo wa ku Zomba." Amalume, monga mwinimbumba, anagamula kuti mankhwalawo asalowenso m'kamwa mwake. Amene anawanyamula kukataya m'chimbudzi, pamodzi ndi fluoxetine yemwe, ndine. Ndimaphunzitsa ana kuwerenga tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkaona ngati ndikuteteza mlongo wanga.

Patapita milungu ingapo anayamba kugawa zitenje zake ndi kundiuza kuti ana ndidzawasamale bwino. Usiku umenewo sindinagone, ndinakhala pakhomo pa chipinda chake mpaka tambala woyamba.

Amene anatimasula ndi namwino wina wa matenda a m'maganizo. Sanatikalipire. Anatikhazika pansi mphindi khumi zokha. Anati kampani ikapanga mankhwala imawalembetsa ku boma pa matenda amene inawayesera, ndipo kapepala ka m'bokosi kamanena zokhazo. Pakapita zaka madokotala amapeza kuti mankhwala omwewo amathandizanso pena, koma kampani sibwerera nthawi zonse kukalembetsanso, poti zimadya ndalama zambiri. Dokotala akawapereka pa ntchito yosalembedwayo, m'Chingerezi amati off-label, ndipo si kulakwitsa kapena kuyesera munthu. Risperidone anapangidwiradi misala, koma pamlingo wochepa amamuphatikiza ndi mankhwala a depression pamene oyambawo alephera paokha. Anzake a m'gulu lomwelo, aripiprazole ndi quetiapine, ku America anachita kuvomerezedwa pa ntchito imeneyi, wina mu 2007, wina mu 2009.

Kenako anawafunsa mayi kuti amamwa chiyani cha mapazi awo amene amaotcha chifukwa cha shuga. Mayi anatulutsa kapulasitiki m'chikwama: amitriptyline. Namwino anati, "Amayi, awatu poyamba anapangidwira matenda a maganizo. Kodi inu mwapenga?" Mayi anakhala chete, kenako anapukusa mutu. Anatiuzanso za ketamine, amene m'zipatala zathu za m'maboma amagonetsera anthu pa opaleshoni, kuti kunja akumugwiritsa ntchito pa depression yokanika, ndipo mu 2019 dziko la America linavomereza mtundu wake wopopera m'mphuno, esketamine.

Sindikunena kuti mankhwala otere alibe vuto. Mlongo wanga atayambiranso ananenepa mpaka masiketi kumuthina, ndipo msambo wake unasokonekera. Azimayi ena amatuluka mkaka asali ndi khanda, ena manja amanjenjemera kapena thupi kuuma. Tangoganizani mayi wamasiye akutuluka mkaka pamudzi, wina asanamuchenjeze kuti ndi mankhwala, anthu anena chiyani? Ife ulendo wachiwiriwu tinali titauzidwa, ndiye sitinathamangire kwa asing'anga. Tinabwerera kuchipatala, anamukweza pasikelo, anamuyeza shuga, n'kuchepetsa mlingo.

Ndikudziwa kuti madokotala a matenda amenewa ndi ochepa m'dziko muno ndipo amatopa. Komabe pempho langa silifuna ndalama za abwenzi akunja. Mukapereka mankhwala amene kapepala kake kakunena matenda ena, nenani pakamwa: awa anapangidwira zakuti, ine ndikukupatsani chifukwa chakuti, mukaona zakuti mubwere msanga. Lembaninso chifukwacho m'kabuku ka kuchipatala, kuti wogulitsa mankhwala kapena dokotala wina akachione. Itanani ndi womudikirira wodwala alowe, chifukwa kwathu kuno munthu sadwala yekha, amene amagamula za mapiritsi nthawi zambiri ndi amalume kapena apongozi amene sanaonane ndi dokotala. A Unduna wa Zaumoyo ndi a bungwe la PMRA, lomwe limayang'anira mankhwala, ndikupempha timapepala ta Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao ta mankhwala a m'maganizo amene amaperekedwa kawirikawiri. Mafoni ali m'manja mwa aliyense tsopano, ndipo foni siidziwa chimene dokotala ankaganiza polemba.

Kwa anzanga amene muli ndi wodwala pakhomo, musachite zimene ndinachita ine. Mukakayika, tengani bokosilo mubwerere nalo kuchipatala mukafunse, wodwala asanasiye kumwa.

Loweruka lapitali ndinamupeza mlongo wanga pabenchi pake akulimbana ndi wogula amene ankafuna basera wa anyezi awiri. Kabuku kake kali m'chikwama changa, tikubwerera kuchipatala kumapeto kwa mwezi uno.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa pulayimale, Ntcheu