Za tulo tako ndi maloto akukuvutawo

Mwana wanga,

Uthenga wako ndaumva. Wati chiyambireni maulendo a ku Beira ukumagona maola anayi kapena asanu okha, ndipo masiku ena umadzidzimuka m'bandakucha thupi lili gwa, osatha kutukula dzanja kapena kufuula, ngati munthu wakukhalira pachifuwa. Watinso ukumalota malemu agogo ako, ndipo anzako akukuuza kuti ukaombeze. Ine ndikuona kuti zonsezi gwero lake ndi limodzi, ndilo kuchepa kwa tulo, choncho usanapite kulikonse uwerenge kalatayi modekha.

Tulo si ulesi ayi. Tikadakhala totheka kutilumpha, nyama zosakidwa usiku bwenzi zitatisiya kalekale, koma zimangopeza njira yogonera mochenjera. Njovu ziwiri zakutchire zimene ofufuza anazilondola ku Chobe, ku Botswana, zinkagona maola awiri okha pa tsiku, pamene mileme ina imafika maola 20. Abakha akagona pamzere, amene ali kumapeto amasiya diso limodzi lili chitsegulire kuyang'ana kothera mzere. Nyama ya m'nyanja yotchedwa dolphin imagoneka theka la ubongo, theka linalo n'kumaikumbutsa kukwera pamwamba kukapuma. Ngakhale ntchentche zimagona. Koma iwe si dolphin: ubongo wako ukagona umagona wonse, ngakhale manja ali pachiwongolero.

Zimene zimakugwetsa m'tulo n'ziwiri. Ubongo ukamagwira ntchito umasiya kanthu kotchedwa adenosine, ndipo kakachuluka zikope zimalemera. Ndi tulo tokha timene timakachepetsa. Khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zam'zitini zopatsa mphamvu zija sizikachotsa, zimangotseka kuti ubongo usakamve, ngati kumata pepala pa nyali ya padashibodi yokuuza kuti mafuta akutha. Chachiwiri ndi wotchi ya m'thupi imene imayendera kuwala. Kukada, ubongo umatulutsa homoni (kanthu kopereka uthenga m'thupi) ya melatonin, thupi limazizirako, ndipo kuyambira cha m'ma 2 koloko usiku kufika 5 koloko m'mawa ndi pamene maso amalemera kwambiri. Nthawi imeneyo si yoyendetsa thiraki.

Ukagona thupi silikhala chabe. M'tulo tofa nato ndi mmene limatulutsa kwambiri homoni yokulitsa ndi kukonza minofu, ndipo ubongo umasanja zimene waphunzira masana kuti zikhazikike. Mu 2013 ofufuza a ku yunivesite ya Rochester ku America anaona kuti mbewa zikagona, madzi a mu ubongo amayenda momasuka n'kumatsuka zotsalira za ntchito ya masana. Munthu wosowa tulo zaka ndi zaka amakhala pafupi ndi matenda a BP ndi shuga, ndipo chimfine sichimulambalala.

Koma chondisowetsa mtendere ine ndi msewu. Ofufuza a ku Australia anapeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuchita zinthu ngati amene wamwako mowa, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi woledzera wopyola malire a lamulo m'mayiko ambiri. Ubongo wotopa umaba tulo ta masekondi owerengeka mwini wake osadziwa. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, masekondi 4 okha ndi mamita pafupifupi 90, kungotsala pang'ono kukwana bwalo la mpira, thiraki ikuyenda yokha. Ukaona kuti ukuyasamula motsatizana, mutu ukugwa, kapena sukukumbukira mudzi umene wangodutsa kumene, ima pamalo otetezeka. Kutsitsa galasi ndi kukweza wailesi n'kudzinamiza. Imwa khofi kapu imodzi, kenako gona mphindi 15 kapena 20 foni ikudzutse. Khofiyo amayamba kugwira pakatha mphindi ngati 20 kapena 30, ndiye udzuka akuyamba kumene ntchito. Ukapitirira theka la ola ulowa m'tulo tofa nato ndipo udzuka mutu uli zii.

Tsopano za chokukhalira pachifuwacho. Tulo timayenda mozungulira, kuzungulira kumodzi mphindi pafupifupi 90, kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi usiku umodzi. Chigawo choyamba cha usiku chimachuluka tulo tofa nato. Chakum'bandakucha kumachuluka tulo tamaloto, timene Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman anatifotokoza ku Chicago mu 1953 ataona maso a anthu ogona akuthamangathamanga mkati mwa zikope. M'tulo timeneti ubongo umazimitsa dala minofu ya manja ndi miyendo, kuti ukalota ukuthawa usadzuke n'kukagunda khoma. Nthawi zina nzeru zimadzuka minofu isanayatsidwe. Ukuona chipinda, ukumva zonse, koma thupi likadali lomangika. Minofu ya m'nthiti imakhalanso yolefuka, n'chifukwa chake chifuwa chimamveka cholemera ngakhale mpweya ukulowa bwinobwino, ndipo popeza maloto sanatheretu, ena amaona chithunzithunzi chitaima pakhomo. Anthu a mitundu yonse zimawachitikira. Zimatha pa masekondi ochepa kapena mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo sizipha. Zikakugwira usalimbane nazo, mantha ndiwo amazikulitsa. Puma pang'onopang'ono, yesa kugwedeza chala chimodzi chakuphazi. Uwauze apongozi anga, akazi akowo, kuti akamva ukubuula akugwire paphewa. Zimakonda munthu wogona chagada, wosowa tulo, ndi wosinthasintha nthawi yogona, ndiye uzigona chammbali.

Wogona maola anayi amadula kwambiri tulo tamaloto ta m'bandakucha tija. Tsiku limene wapeza mpata wogona mokwanira, ubongo umabweza ngongoleyo, maloto n'kubwera ambiri ndi oopsa. Mowa umachitanso chimodzimodzi: umakugwetsa msanga, umapondereza maloto chigawo choyamba cha usiku, kenako amabwera mothithikana kukamacha. Malungo nawo amalotetsa zachilendo, monganso mankhwala ena, makamaka efavirenz (mmodzi mwa ma ARV) ndi mefloquine (wa malungo). Ngati maloto oipa anayamba utayamba mankhwala ena ake, usawasiye wekha, kauze adokotala.

Nanga maloto amatanthauzanji? Aliyense amalota kangapo usiku uliwonse, kungoti timakumbukira amene tadzukira mkati mwake. Polota, mbali za ubongo zosunga mantha ndi zikumbukiro zimakhala zotakataka pamene mbali yakumphumi yopenda zinthu imakhala itafooka, n'chifukwa chake m'maloto agogo amatha kukhala m'thiraki mwako ku Mwanza iwe osadabwa. Ubongo umaumba maloto ndi dothi limene uli nalo: zimene waona masiku apitawa, nkhawa, njala, ngakhale kulira kwa galu panja. Kulota malemu n'kofala kwa anthu amene anataya wokondedwa, ndipo agogo ako unkawakonda. Mndandanda wonena kuti njoka ndi mdani, nyama ndi ufiti, madzi ndi imfa ulibe umboni. Funso lothandiza ndi lakuti m'lotomo unamva bwanji mumtima, ndipo n'chiyani masiku ano chikukumvetsa chimodzimodzi. Kupemphera pemphera, sindikuletsa. Chimene ndikukukaniza kwamtuwagalu n'kuloza munthu chala chifukwa cha loto. Okalamba ambiri m'midzi muno azunzika popanda mlandu chifukwa wina anawalota, ndipo lamulo la dziko lino la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Loto limodzi loopsa likamabwerezabwereza, ulilembe masana, ulisinthe mathero ake kukhala amene ukufuna, ndipo tsiku lililonse uziliona m'maganizo mwanjira yatsopanoyo kwa mphindi 10. Njira imeneyi madokotala amaigwiritsa ntchito, ndipo imafuna masabata angapo.

Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9. Ukakhala paulendo, tchinga magalasi a kabini ndi nsalu yakuda, ikani malire ndi mnzako woyendetsa naye kuti wina akamagona asadzutsidwe, ndipo khofi womaliza umwe kutatsala maola osachepera 6 kuti ugone, chifukwa pakatha maola 5 theka la mphamvu yake limakhala likadali m'magazi. Foni uziisiya kutatsala ola. Usadye nsima yambiri n'kugona nthawi yomweyo, chilungulira chikudzutsa. Ku Tete ndi ku Beira neti isasowe. Mapiritsi a chimfine oodzeretsa kapena diazepam usawasandutse mankhwala a tulo, amatsala m'thupi mpaka m'mawa uli pamsewu. Ndipo m'nyengo yozizira usagone ndi mbaula m'kabini kapena m'chipinda chotseka: mpweya wa makala sununkha, ndipo umapha munthu ali mtulo.

Chomaliza, uwafunse apongozi mmene umalizira mkonono. Akanena kuti umaliza mwamphamvu, kenako n'kusiya kupuma kwa kanthawi n'kudzidzimuka ngati watsamwa, ndipo m'mawa umadzuka mutu ukupweteka ngakhale wagona mokwanira, upite kuchipatala akakuyeze BP ndipo ukawafotokozere zimenezi, chifukwa njira ya mpweya imakhala ikutsekeka uli mtulo. Upitenso ngati umamenya kapena kuponya miyendo polota, kapena ngati maloto a ngozi imene unaiona pamsewu akupitirira mwezi.

Sabata ino uzilemba papepala nthawi imene wagona ndi imene wadzuka, ndipo ukawoloka pa Mwanza undiimbire undiwerengere. Moni kwa apongozi ndi adzukulu angawo.

Ndine bambo ako.